Kamunda ka Kuseri kwa Nyumba ndi Mbiri ya Anthu a ku Mulanje

Chaka chatha, pamene ndinali kuyendera ophunzira athu amene anatumidwa kukayesa ntchito ya uphunzitsi m'masukulu a m'munsi mwa phiri la Mulanje, ndinafika pa sukulu ina m'mamawa, ndipo ndinapeza ana a Sitandade 6 ali m'munda wa sukulu ndi makasu awo. Mundawo unali wosamalika ndithu: mabedi owongoka oyezedwa ndi chingwe, kabichi m'mizere yake, repu m'mizere yake, ndi tomato womangidwa ku timitengo. Koma m'mbali mwa mpanda munali mulu wa zomera zozulidwa zimene zinayamba kufota ndi dzuwa, ndipo nditautembenuza ndi ndodo ndinaonamo luni, bonongwe, chisoso ndi mpungabwi. Ndinafunsa mphunzitsi wachinyamata amene anali kuyang'anira anawo kuti zimenezi zinali chiyani, ndipo iye anayankha mwaulemu nati, “Ndi tchire, bambo, tinalimira dzulo.” Mtsikana wina wamng'ono amene anaima chapafupi anangoyang'ana pansi osanena kanthu, koma belu litalira ndinamuona akutola luniyo namuika m'thumba la mabuku, kuti akapatse amake.

Sindinamdzudzule mnyamatayo, pakuti anachita monga iye mwini anaphunzitsidwira, ndipo inenso ndinachita zomwezo m'chaka changa choyamba cha uphunzitsi. Koma pobwerera ku koleji ndinalingalira kuti ife tawaphunzitsa ophunzira athu mayina a mafumu ndi a Abwanamkubwa, ndi zaka za nkhondo, koma sitinawauze kuti mbiri ya dziko imalembedwanso m'nthaka, ndi kuti tsamba lake lina lili kuseri kwa nyumba ya mwana aliyense amene adzakhala pamaso pawo m'kalasi. Chifukwa chake ndalembera nkhani ino inu amene mudzalandira choko ndi khasu tsiku limodzi.

Tiyambe tamvana za malo amene tikunena. Si munda wa chimanga ayi, ndiponso si dimba la kumtsinje. Ndi kachigawo kaja ka pakati pa khitchini, bafa ndi dzala, kumene amatayako phulusa ndi madzi otsukira mbale, kumene nkhuku zimafukula ndi mbuzi zimasiya manyowa. Nthaka ya pamenepo ndi yachonde koposa ya m'munda waukulu, ndipo siuma msanga ngakhale m'chilimwe, chifukwa cha madzi odontha pa thandala ndi otuluka m'bafa. Mwamuna kawirikawiri sapawerengera. Mukamfunsa za minda yake adzatchula wa chimanga, wa chinangwa ndi wa nandolo, nalekeza pomwepo. Mwini wake wa kamundaka ndiye mkazi. M'menemo ndimo amathyola tsabola mphika uli pamoto, ndimo amathamangira usiku mwana akayamba kutsokomola. Pamudzi pali mankhwala a mitundu iwiri. Ena ndi a kutchire, ndiyo mizu ndi makungwa a mitengo monga muwawani ndi mvunguti, ndipo amenewa amafuna munthu wodziwa, ndiye sing'anga, pamodzi ndi malipiro ake. Ena ndi a pakhomo, masamba amene mayi aliyense amawadziwa napatsako mnansi wake kwaulere. Nkhani yathu ndi ya achiwiriwa pamodzi ndi zokometsera ndiwo, popeza pakhomo chakudya ndi mankhwala zimamera pa malo amodzi, ndipo nthawi zina ndi chomera chimodzi.

Zomera zakale koposa m'kamundamo ndi za mu Africa mom'muno, zimene Amang'anja a m'mbali mwa Ruo ndi Shire anali nazo asanaone Mzungu: luni, denje, mphonda, nsatsi, chanzi ndi mpungabwi. Nsatsi ankazikazinga ndi kuzisinja, naziphika m'madzi mpaka mafuta ake odzola atayandama pamwamba. Masamba a chanzi amawiritsidwa, ndipo wodwala chimfine amamwa madzi ake kapena kufukiza nthunzi yake atafunda nsalu kumutu. Mpungabwi amamwazidwa m'nyumba madzulo kapena kuikidwa pa makala kuti fungo lake liingitse udzudzu. Koma chimene ndifuna kuti muchigwire ndicho kalimidwe kake, pakuti apa ndi pamene mphunzitsi wathu uja anapunthwa. Zambiri mwa zomera izi sizibzalidwa m'mizere. Mayi polimira amaona mbande ya luni nailambalala ndi khasu. Pothyola ndiwo amasiya tsinde limodzi lonenepa kuti likhwime ndi kugwetsa mbewu zake pomwepo. Potaya phulusa amadziwa kumene akulitaya. Mlendo akayang'ana amaona tchire, koma m'tchiremo mulibe chomera chimene chatsala mwangozi. Ndi ulimi wosankha chimene chikhale ndi chimene chichoke, ndipo mbewu zasankhidwa chomwecho mibadwo yambiri popanda wina kuzigula m'sitolo. Masamba akachuluka m'dzinja amawafutsa ndi kuwayanika, nawamanga m'chikwatu, kuti mfutsowo udzakhale ndiwo m'miyezi ya dzuwa.

Tsono pali njira ina yozindikirira alendo m'kamundamo, imene iyenera kutikondweretsa ife ophunzira chinenero, ndiyo kutchera khutu ku mayina. Ife timati adyo, Apwitikizi amati alho. Ife timati lalanje, iwo amati laranja. Ife nanazi, iwo ananás. Ife mbatata, iwo batata. Mayina amenewa akuloza kummwera, ku Zambezi ndi kugombe la nyanja yamchere. Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530, ndi ku Quelimane mu 1544, ndipo zombo zawo zinkayenda pakati pa Brazil, Africa ndi Goa ku India. Adyo ndi malalanje ndi zomera za ku Asia zimene Azungu anali nazo kale. Koma nanazi, mbatata, chinangwa, papaya, gwafa, tomato, tsabola, fodya, ngakhale chimanga chimene timachiyesa chathuchathu, kwawo ndi ku America, ndipo palibe chimodzi mwa izi chimene chinali kuno Columbus asanaoloke nyanja mu 1492. Taganizirani mayi wa Chimang'anja wa masiku amenewo: nsima yake ya mapira, ndiwo zake zopanda tsabola ndi zopanda tomato, ndipo mwana wake akatsegula m'mimba panalibe masamba a gwafa oti amuwiritsire, ngakhale tsamba la papaya lokulungira nyama yolimba kuti ifewe. Zonsezi anaziphunzira pambuyo pake, poyesa ndi kulawa. Zina zinafika zosaitanidwa, zitabisala m'mbewu ndi m'katundu. Chisoso ndi cha ku America, chimodzimodzinso kachomera kaja kotchedwa mwamunaaligone, kamene dzina lake lokha ndi nthano. Mukafunsa amayi atatu tanthauzo lake mudzamva matanthauzo atatu, ndipo onse adzayankha akuseka.

Mulanje anali pa njira ya zinthu zoterezi. Ayao atafika m'dziko lino cha m'ma 1860, mafumu awo monga Matipwiri, Mkanda ndi Chikumbu anakhala mozungulira phiri, ndipo maulendo a minyanga ndi a akapolo ankapita ku Quelimane podzera pa mpata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, pomwe Boma la Angerezi linamangapo Fort Lister mu 1893 kuti litseke njirayo. Zomera zambiri za ku America zinali zitafika kale nthawi imeneyo isanakwane, poyenda mudzi ndi mudzi m'manja mwa anthu. Komabe nkoyenera kuti ana adziwe kuti njira imene inapita ndi abale athu m'magoli ndi yomweyo imene inkabwera ndi nsalu, mikanda ndi zipatso zachilendo. Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo kameneka kanameta, kanachekanso.

Mayina ena akuloza kum'mawa. Ndimu ndi liwu lomwe Aswahili amatchulira chipatsocho. Mango, jinja ndi chikasu kwawo ndi ku India ndi maiko oyandikana nawo, ndipo chikasu chinazolowereka kotero kuti lero mwana amatchula nsalu yachikasu osadziwa kuti akutchula muzu. Mtengo wa indya sunabise konse kumene unachokera. Nimu ndi chammwamba nazonso ndi za ku India, chinkana zimakonda kutentha kwa ku chigwa cha Shire koposa chinyezi cha m'munsi mwa phiri. Asilikali Achisikhi anabwera ndi boma la Harry Johnston mu 1891, ndipo amalonda Achimwenye anatsegula masitolo ku Chiromo, pamene Ruo amathira mu Shire, ku Blantyre, ku Limbe ndi m'maboma ena. Ndipo ambiri a anthu athu amene anagwira ntchito m'makhitchini mwawo anabwerera kumudzi atadziwa kukazinga adyo, jinja ndi chikasu pamodzi.

Za Azungu tili ndi zaka zenizeni, pakuti iwo ankalemba zonse. Mishoni ya Blantyre inakhazikitsidwa mu 1876, ndipo mwa oyamba kufika munali wosamala minda, John Buchanan. Mu 1878 wosamala minda wina, Jonathan Duncan, anabwera ndi mbande zitatu za khofi zochokera ku munda wa zomera wa ku Edinburgh. Ziwiri zinafa, imodzi inapulumuka, ndipo kwa imeneyo kunachokera khofi woyamba wa ku mapiri a Shire. Tiyi nayenso anayamba monga chitsamba cha m'munda wa mishoni. Mu 1891 Henry Brown, amene anachoka ku Ceylon khofi wa kumeneko atatha ndi matenda a masamba, anatenga mbewu za tiyi wa ku mishoniko nazibzala ku Lauderdale ndi ku Thornwood kuno ku Mulanje. M'chaka chomwecho Alexander Whyte, katswiri wa zomera wa boma la Johnston, anakwera phiri natola zomera zambiri, ndipo mkungudza wa Mulanje umatchedwa Widdringtonia whytei m'mabuku kufikira lero pokumbukira iye. Ine ndikayang'ana minda ya tiyi yotambalala kuchokera ku boma mpaka ku Muloza ndimakumbuka kuti tiyi ndi tsamba loviika m'madzi otentha basi, monga chanzi. Kusiyana kwake nkwakuti tsamba limodzi linapeza ndalama, boma ndi msika wa ku London, ndipo linadya nthaka ya anthu. Linalo linatsala kuseri kwa bafa.

Pali nkhani ina ya masiku amenewo imene mphunzitsi aliyense ayenera kuidziwa, chinkana chomera chake ndi cha kutchire, ndiyo ya kombe. Kombe ndi chomera choyanga m'mitengo ya ku chigwa cha Shire, ndipo alenje Achimang'anja ankasinja nthanga zake napaka ulembewo ku mivi. Nyama yolasidwa inkagwa isanapite patali, ndipo iwo ankadula nyama ya pa bala naitaya, nadya yotsalayo osadwala. John Kirk, dokotala ndi katswiri wa zomera amene anayenda ndi David Livingstone pa ulendo wa ku Zambezi umene unayamba mu 1858, anafunsitsa za ulembewu mpaka anaona chomera chake. Tsiku lina potsuka mano anamva kuwawa mkamwa, popeza mswachi wake unakhala m'thumba limodzi ndi kombe, ndipo anazindikira kuti mtima wake unayamba kugunda pang'onopang'ono. Nthanga zinatumizidwa ku Britain. Thomas Fraser wa ku Edinburgh anaziyesa zaka zambiri, ndipo mu 1885 analengeza kwa madokotala anzake kuti mankhwala otengedwa m'menemo amathandiza odwala mtima. Kampani ya Burroughs Wellcome inayamba kuwagulitsa m'mabotolo, ndipo Buchanan ndi amalonda ena ankatumiza nthanga za kombe kunja pamodzi ndi khofi ndi minyanga. Dzina la m'mabuku ndi Strophanthus kombe. Liwu lathu linalowa m'Chilatini. Mayina a Kirk, Fraser ndi Buchanan alipo. Koma amene anayamba kuzindikira kuti kombe amagwira mtima, napeza muyezo wopha nyama wosapha wodya, sitidzawapeza m'kaundula aliyense. Chimene chinachitikira alenje a kombe ndicho chachitikira amayi a kamunda kathu.

Tifike tsopano kwa anthu amene lero ndi ochuluka m'boma lino. Kuyambira cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 Alomwe anayamba kuoloka malire kuchokera ku Mozambique, pothawa msonkho, ntchito yokakamiza ndi nkhanza za ulamuliro wa Apwitikizi, ndiponso njala. Kalembera wa 1921 anawapeza oposa 120,000 m'dziko la Nyasaland, ndipo wa 1945 pafupifupi 380,000. Anafika nthaka yabwino itagawidwa kale, ndipo ambiri anakhala pa maesiteti a Azungu ku Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu, kumene analandiridwa chifukwa eni minda ankasowa antchito. Malipiro a malo anali thangata. Liwu limeneli poyamba linali labwino, lotanthauza kuthandizana monga anthu amachitira polima kwa mfumu kapena kwa mnansi. Koma pa esiteti linasanduka dzina la ntchito yokakamiza, mwezi umodzi wa lendi ndi mwezi wina wa msonkho, ndipo miyeziyo inkatalika monga anafunira wolemba matikiti. Lamulo la 1928 linayesa kukonza zina, komanso linalola mwini esiteti kuchotsa banja limodzi mwa mabanja 10 alionse pakatha zaka zisanu zilizonse. Thangata inatha mu 1962.

Agogo anga aakazi anabadwira pa esiteti ina yotere. Amayi awo anaoloka Muloza ali mtsikana, atasenza mtolo wa mitengo ya chinangwa pamutu, ndipo pa nsonga ya nsalu yawo anamangapo nandolo, kalongonda ndi tsabola wouma. Ndinawafunsa tsiku lina chifukwa chake pa malo awo akale panalibe mtengo wa zipatso, ndipo anati, “Mwana iwe, munthu wosadziwa ngati agona pomwepo chaka chamawa sabzala mango. Amabzala chimene angachinyamule.” M'mawu amenewo muli mbiri yonse ya kamunda ka ku Mulanje. Mwamuna ali ku thangata m'miyezi ya mvula, imene inali yomwe munda wake unamfuna, mkazi ankadyetsa banja ndi zomera zocha msanga, zosafuna malo aakulu, zimene mbewu zake zimakwana m'chikhatho: tsabola, luni, maungu oyanga pa tsindwi, chinangwa chimene masamba ake ndi chigwada ndi mizu yake makaka. Ndipo nzeru zinali zochuluka m'menemo. Kalongonda ndi nyemba yoledzeretsa ndi yodwalitsa ikaphikidwa mwachisawawa. Imafuna kuwiritsidwa nthawi yaitali ndi kutaya madzi kangapo, ndipo mtsikana ankaphunzira muyezo wake poyang'ana amake. Anthu awa ankanyozedwa ndi dzina lakuti Anguru, limene Lewis Bandawe ndi anzake analimbana nalo pokhazikitsa bungwe la Alomwe mu 1943. Ndipo pamene munthu anyozedwa, mphika wake umanyozedwanso. Ana ambiri a sukulu anaphunzira kubisa chimene amadya kwawo monga anabisira chinenero chawo.

Mankhwala nawo anakhala ndi zifukwa zawo zobisalira. Lamulo la za ufiti la 1911 linaletsa kumwetsa mwavi ndi kutchula munthu mfiti. Silinaletse mayi kuwiritsa masamba a ndimu, koma anthu ambiri a Boma ndi a mishoni sankasiyanitsa bwino muzu wa chifuwa ndi nyanga ya mfiti, ndipo Mkhristu wofuna kukhala pa mtendere ndi akulu a mpingo ankaona kuti nkwabwino kusatchula konse zimene amamwetsa ana ake. Mu 1927 phiri linalengezedwa nkhalango yotetezedwa, ndipo kukumba mizu kumeneko kunayamba kufuna maso kumbuyo. Kenaka cha m'ma 1933 kunabuka mchape. Anyamata ovala bwino ankayenda m'midzi ndi mabotolo a mankhwala ofiira, namwetsa mudzi wonse kuti ufiti uthe, nalamula kuti nyanga ndi zithumwa zonse ziperekedwe; ndipo ankati mankhwalawo anachokera kwa munthu wotchedwa Kamwende wa ku Mulanje konkuno. Pofika 1934 anali atafika kwa Abemba ku Northern Rhodesia, kumene Audrey Richards anawaona nalemba za iwo. Mchape anatchuka m'maiko atatu kapena anayi nazimirira. Masamba a pakhomo sanatchuke paliponse, koma m'mawa mwake mwana wa chifuwa anamwetsedwabe jinja ndi ndimu.

Nanga sukulu inaima pati? Nthumwi za Phelps-Stokes zitayendera dziko lino mu 1924 zinalimbikitsa kuti maphunziro ayenderane ndi moyo wa kumudzi, ndipo mu 1929 Boma linatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi, kumene aphunzitsi ankaphunzira pamodzi ndi akazi awo za ukhondo, zaulimi ndi kasamalidwe ka ana, kuti akakhale chitsanzo m'midzi. Cholinga chinali chabwino, ndipo munda wa sukulu umene mudzauyang'anira ndi mdzukulu wa maganizo amenewo. Koma m'kuona kwanga chitsanzo chimene chinakhazikika m'mitu ya aphunzitsi chinali cha munda wa bwana: bedi, chingwe, ndi mbewu za m'kapepala. Chimene chinamera chokha chinatchedwa udzu. Chodabwitsa nchakuti akatswiri a Boma lomwelo anali kupeza zosiyana. Mu 1938 ndi 1939 gulu lotsogozedwa ndi Dr B. S. Platt linakhala m'midzi ya m'boma la Nkhotakota kuyeza chakudya cha anthu, ndipo mmodzi wa iwo, Jessie Barker, amene anadzatchedwa Jessie Williamson atakwatiwa, ankakhala ndi amayi pa mtondo ndi pa moto, kulemba dzina la tsamba lililonse lolowa mumphika. Ntchitoyo inaonetsa kuti masamba onyozekawo ndiwo anali kupatsa anthu zofunika m'thupi zimene nsima yokha ilibe. Nkhondo yachiwiri inasokoneza zonse, ndipo malipoti a gululo anadzasindikizidwa mu 1992. Koma Williamson anatulutsa buku lake la Useful Plants of Nyasaland mu 1955, limene linakonzedwanso mu 1975 ndi dzina lakuti Useful Plants of Malawi. Brian Morris, amene anagwirapo ntchito ya tiyi ku Zoa ndi ku Limbuli asanakhale katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, anatulutsa Chewa Medical Botany mu 1996. Mabuku awiriwa ndi amtengo wapatali, ndipo ndikupemphani kuti muwatsegule. Komatu ali m'Chingerezi, ndipo amayi amene anapereka nzeruzo sangawawerenge.

Pano ndiyenera kuima ndi kuchenjeza, kuopa kuti wina angatseke magaziniyi nati aphunzitsi athu anena kuti chipatala nchosafunika. Kuseri kwa nyumba kuli imfa monga kuli moyo. Nthanga za nsatsi zingaphe mwana akazitafuna, ndipo zipatso za indya ndi zaululu. Mphamvu ya tsamba imasintha ndi nthaka, nyengo ndi msinkhu wa chomera, kotero kuti chikho chimodzi cha lero sichilingana ndi chikho chimodzi cha mwezi wamawa. Ndi chifukwa chake Fraser anatha zaka zonse zija pa kombe, pofuna muyezo umene umachiza osapha. Makamaka pa malungo pasakhale kukayika. Matendawa anapha Robert Cleland, mmishonale woyamba wa ku Mulanje, mu 1890, ndipo apha ana osawerengeka amene amayi awo anawiritsa masamba onse amene ankawadziwa. Nzoona kuti mankhwala ake aakulu anachokera ku zomera: kwinini anapatulidwa mu 1820 ku makungwa a mtengo wa ku South America, ndipo LA, amene zipatala zathu zinayamba kupereka mu 2007, gwero lake ndi chitsamba cha ku China chotchedwa Artemisia annua, chimene mphamvu yake anaipatula Tu Youyou mu 1972, nadzalandira mphotho ya Nobel mu 2015. Ena amabzala chitsambachi pakhomo namwa ngati tiyi; koma bungwe la zaumoyo la dziko lonse linachenjeza mu 2019 kuti mphamvu ya m'tiyi wotere ndi yosatsimikizika, ndipo ingathe kusiya tizilombo tamoyo ndi kutizoloweza mankhwala. Ife tikudziwa tanthauzo la zimenezi, pakuti mu 1993 Malawi anasiya chloroquine tizilombo titamuzolowera. Mpungabwi aingitse udzudzu madzulo, koma mwana agone m'neti. Ndipo mwana wa m'kalasi mwanu akatentha thupi, apite kukayezetsa magazi tsiku lomwelo.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 680,000 m'boma la Mulanje, ndipo gawo lalikulu la nthaka ndi phiri ndi tiyi. Mabanja ambiri alibe munda wokwanira, ndipo kwa ena kamunda ka kuseri kwa nyumba ndiko kokha katsala. Tchire lokumbako mizu nalonso likutha. Chitsanzo ndi gondolosi, muzu wonunkhira umene umagulitsidwa m'misika ndi pa msonkhano wa Mulhako wa Alhomwe ku Chonde. Dzina lake la m'mabuku ndi Mondia whitei, ndipo musamsokoneze White ameneyu, mlimi wa ku Natal, ndi Whyte wa mkungudza uja. Wokumba gondolosi amazula muzu, ndiye kuti wapha chomera. Ku South Africa chalembedwa kale m'gulu la zomera zimene zili pangozi ya kutha. Koma chimamera ndi mbewu, ndipo chimayanga bwino pa mtengo wa pakhomo pamene pali mthunzi ndi chinyezi, monga kuliri kuno.

Ndinabwereranso ku sukulu ija m'chigawo chotsatira. Mphunzitsi uja anali atauza mwana aliyense kuti abwere ndi chomera chimodzi cha kuseri kwa nyumba ya kwawo, atapempha kwa mwini wake, ndi kuti afunse dzina lake m'zinenero zonse za pakhomopo, ntchito yake, ndi amene anabwera nacho. Mayinawo anawalemba m'kope, Chichewa, Chilomwe ndi Chiyao m'mizere yoyandikana, ndipo pamene ana anatsutsana pa dzina analemba onse awiri. Anakonzanso bedi latsopano loyezedwa ndi chingwe, nakumba mayenje akuya, nabzalamo luni m'mizere. Koma anamera wowerengeka. Tsiku lina agogo ake a mtsikana uja, amene amathandiza kuphika phala la ana pasukulupo, anaima pa mpanda nayang'ana bedilo nthawi yaitali, ndipo anati, “Aphunzitsi, mbewuyi mwaiika m'manda. Tandipatsani kuno.” Iye anati, “Nayi, agogo,” napereka ndi manja awiri. Gogoyo anapita nayo kuseri kwa khitchini ya sukulu, kumene amatayako phulusa ndi madzi otsukira miphika, naimwaza pamwamba, napalasa pang'ono ndi phazi. Pamene ine ndinafika luniyo anali wofika m'mawondo, wina atayamba kale maluwa oyera, ndipo ophika phala anali atamangirira kansanza pa matsinde awiri onenepa kuti ana asawathyole.